KAMBA WA PAULENDO WA KUCIGWA: KONZANI BWINO, SUNGANI BWINO

Kawirikawiri nkhani yake iyenda motere. Banja la m'komboni, mwina la ku Kapata kapena ku Mchini mu Chipata, lapangana ndi anzao kupita kucigwa ca Luangwa kukagona masiku atatu m'thengo, kuona nyama ndi kucezera acibale. Usiku wa pa Cisanu amai akazinga nkhuku ziwiri, aphika mpunga mumphika waukulu ndi kuwiritsa mazira. Zonsezi azitsekera m'mbale zobvundikira zikali zotentha. M'mamawa katundu akwezedwa kumbuyo kwa vani, afundikidwa ndi tenti yakuda, ndipo ulendo wayamba.

Kucokera ku Chipata kufika ku Mfuwe pali makilomita pafupifupi 130 a mseu wa phula, ndipo pamenepo palibe cobvuta. Koma kupitirira kumpoto, kudzera ku Nsefu kulinga ku Luambe, mseu ndi wa fumbi, wa mabampu ndiponso wodutsa m'mitsinje youma. Galimoto yatitimira mumcenga, abambo atha maola awiri ali kukumba ndi kukankha. Mbale zija zitsegulidwa nthawi ya 15 koloko. Cakudya cioneka bwino, sicinunkha, ndipo onse adya ndi cimwemwe. Dzuwa litangolowa mwana wamng'ono ayamba kusanza, kenaka mkulu wake, kenaka ambuya ao. Cipatala ciri kutali, ndipo usiku mseu ndi wa njobvu.

Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Mau amenewa ndi oona kweni-kweni pa nkhani ya cakudya, pakuti cakudya cokhala ndi tizirombo toyambitsa matenda nthawi zambiri sicisintha fungo, maonekedwe kapena kukoma kwake. Cenjezo limeneli siliri la okaona nyama okha ai. Likhudzanso mabanja amene amanga misasa ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kumapeto kwa August, opita ku Mtenguleni pa Nc'wala mu February, a mipingo ogona kumisonkhano ya m'thengo, ndi onse oyenda m'miseu yobvuta monga wakale wocokera ku Petauke kupita ku Mfuwe.

Mmene cakudya cisandukira poizoni

Tizirombo toyambitsa matenda a m'mimba sitioneka ndi maso. Tikapeza cakudya conyowa ndi malo ofunda, kamodzi kangathe kugawika kukhala tiwiri pa mphindi 20 zilizonse. Pa liwiro lotere, kacirombo kamodzi kokha kabala toposa 2 miliyoni pa maola 7. Ncifukwa cake bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization lilangiza kuti cakudya cophika cizikhala cozizira kosafika madigiri 5, kapena cotentha kuposa madigiri 60, ndiponso kuti cisakhale pamalo wamba kupitirira maola awiri. Kucigwa m'mwezi wa October kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo pansi pa tenti ya pagalimoto kutentha koposa pamenepo. Kumeneko ola limodzi ndilo malire.

Pali tizirombo tinai timene tibvutitsa apaulendo kwambiri. Koyamba ndi Bacillus cereus, kamene kakonda mpunga wophika. Mbeu zake sizifa pophika, ndipo mpunga ukazizira pang'onopang'ono zimera ndi kutulutsa poizoni amene asanzitsa munthu pasanapite maola 6. Kaciwiri ndi Staphylococcus aureus, kocokera m'manja, m'mphuno ndi pa zironda za wophika, kamene kaculuka mu nkhuku, mazira ndi mkaka. Kacitatu ndi Clostridium perfringens, kopezeka mu nyama ya msuzi yophikidwa m'miphika ikuluikulu imene icedwa kuzizira, monga ya pamaliro ndi pamiyambo. Kacinai ndi Salmonella, kokhala mu nkhuku yaiwisi ndi mazira, kamene kabweretsa kutsegula m'mimba ndi kutentha kwa thupi patapita maola angapo kapena masiku.

Cinthu cimene ambiri sadziwa ndi ici: poizoni wa tizirombo tiwiri toyambato saonongeka ndi moto. Motero kufunditsa mpunga kapena nkhuku imene yakhala padzuwa tsiku lonse sikuthandiza kanthu.

Ulendo uyambira kunyumba

Makolo akale anali kudziwa kukonza kamba. Anali kunyamula cimanga cokazinga, nshawa, ufa, nyama yofutsa ndi ndiwo za mfutso. Zonsezi ndi zouma, ndipo pamene palibe cinyezi tizirombo sitingaculuke. Nzeru imeneyi ikali kugwira nchito. Njira yabwino ndiyo kugawa cakudya malinga ndi masiku a ulendo.

Tsiku loyamba: Zophika zikonzedwe m'mamawa wa tsiku lomwelo, osati usiku wa dzulo lake, ndipo zidyedwe msanga pamalo oyamba kupumulira. Zodyera m'njira zikhale buledi, vitumbuwa, cikondamoyo, nthoci, nshawa zokazinga ndi ciponde.

Tsiku laciwiri: Ili ndilo tsiku lothera nyama yaiwisi, ndipo ndi pokhapo ngati inasungidwa m'bokosi la aisi.

Masiku otsatira: Kapenta, nsomba zouma, kayera, nyama ya soya, mfutso wa cibwabwa kapena wa khwanya, ndi za m'zitini. Kabici, anyezi, kandolo ndi maungu zikhala masiku ambiri popanda firiji. Matimati agulidwe osapsetsa. Mkaka wa ufa uposa wa madzi, koma usungunulidwe wongokwanira nthawi yomweyo.

Powerengera ufa, theka la kilo pa munthu wamkulu pa tsiku likwanira bwino, kotero kuti thumba la makilo 10 lifikira anthu asanu kwa masiku anai. Ciri canzeru kuonjezerapo cakudya couma ca masiku awiri, cifukwa galimoto ingaonongeke kapena mtsinje ungadzale.

Ofuna kufutsa nyama ayambe sabata imodzi ulendo usanafike. Nyama idulidwe mizere yopyapyala, acotseko mafuta, aithire mcere wokwanira ndi kuiumitsa pa utsi kapena pamalo opita mphepo pamene nchenche sizifika. Youma bwino ithyoka poipinda. Ngakhale iri youma, iphikidwenso isanadyedwe.

Nshawa, cimanga ndi ufa zisankhidwe mosamala. Zonse zimene ziri ndi cuku, zofota kapena zowawa zitayidwe, pakuti cuku wina atulutsa poizoni wochedwa aflatoxin amene aononga ciwindi ndipo sacoka pophika. M'caka ca 2024 boma linacenjeza dziko kuti ufa wina wa cimanga unapezeka ndi poizoni ameneyu pambuyo pa imfa za agalu pafupifupi 400. Citini cotupa, codontha kapena ca dzimbiri cisatsegulidwe nkomwe kuti cidyedwe. Cingakhale ndi poizoni wa matenda a botulism amene afooketsa minofu ya thupi mpaka munthu alephera kupuma.

Bokosi la aisi

Bokosi losungiramo zozizira silipanga kuzizira. Lingosunga kuzizira kumene mwini wake waikamo. Cifukwa ca ici nyama iikidwe m'firiji masiku awiri ulendo usanayambe kuti iume gwa ngati mwala, yogawidwa kale m'timapepala ta pulasitiki, kalikonse kokwanira kuphika kamodzi. Ngati magetsi anali kuzimazima m'masiku amenewo, mwini nyumba aone bwino kuti nyamayo yaumadi mpaka mkati.

Mabotolo a madzi owiritsa, osadzaza mpaka kukhosi, aumitsidwenso m'firiji. Aisi wa cibuma cacikulu acedwa kusungunuka kuposa wa tizidutswa, ndipo akasungunuka banja lipeza madzi akumwa abwino. Nyama yaiwisi ikhale pansi peni-peni, yomangidwa bwino, kuti madzi ake asadonthere pa zakudya zina. Mipata yotsala idzazidwe ndi nyuzipepala kapena nsalu.

Bokosilo likhale pamthunzi, kutali ndi malo otentha a galimoto, lofundikidwa ndi saka lonyowa, ndipo litsegulidwe kawiri kapena katatu cabe pa tsiku. Zakumwa za ana zikhale pena, cifukwa kutsegula-tsegula ndiko kutha aisi. Lamulo lake ndi lapafupi. Pamene aisi akalimo, nyama iri bwino. Aisi akatha koma nyama ikali yozizira poikhudza, iphikidwe nthawi yomweyo. Ikapezeka yafunda, itayidwe.

Banja limene liribe bokosi lotere lisanyamule nyama yaiwisi, soseji, poloni kapena mkaka wa madzi. Saka lonyowa lopacikidwa pamphepo lithandiza kuziziritsa madzi akumwa ndi ndiwo zamasamba, koma kuzizira kwake sikukwanira kusunga nyama.

Kulongedza pagalimoto

Mseu wa mabampu uphwanya magalasi, umasula zotsekera ndi kulowetsa fumbi paliponse. Saladi, shuga ndi mcere ziikidwe m'zotengera za pulasitiki zotseka zolimba, ndipo zotsekerazo zimangidwe ndi malegeni. Ufa ulowe mundowa yokhala ndi cibvundikiro. Mazira aiwisi osasweka akulungidwe limodzilimodzi m'pepala ndi kuikidwa m'citini ca gaga. Zolemera zikhale pansi, ndipo katundu yense amangidwe kuti asagubuduke.

Petulo, dizilo ndi parafini zisayandikane ndi cakudya. Parafini asathiridwe konse m'botolo la zakumwa, cifukwa mwana wa ludzu amwa asanafunse. Mwana akamwa parafini asasanzitsidwe, pakuti posanza parafiniyo alowa m'mapapo. Athamangire naye kucipatala. Cigubu cimene munali mankhwala opopera thonje kapena ndiwo cisagwiritsidwe nchito kusungiramo madzi, saladi kapena thobwa, ngakhale citatsukidwa kangati.

Madzi

Pa kutentha kwa kucigwa munthu wamkulu afunika malita 4 kapena 5 a madzi akumwa pa tsiku. Anthu asanu pa masiku anai afunika zigubu zisanu za malita 20, osawerengera ophikira ndi otsukira. Madzi otungidwa m'njira, kaya pacitsime, pamtsinje kapena pofukula mumcenga, awiritsidwe mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena athiridwe mankhwala a klorini monga mwa malangizo a pabotolo, ndi kudikira mphindi 30 asanamwedwe. Akakhala a matope ayambe adikha ndi kusefedwa pa nsalu yoyera. Cigubu ca kukamwa kung'ono ciposa ndowa, pakuti palibe amene angabviikemo kapu kapena dzanja. Ana asatumidwe kukatunga kumtsinje wa Luangwa, kumene kuli ng'ona ndi mvuu.

Dziko lino lidziwa bwino kuopsya kwa madzi oipa. Mliri wa kolera umene unayamba mu October 2023 ndi kupitirira m'caka ca 2024 unadwalitsa anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mpaka mu February. Pamalo pamene pasonkhana anthu ambiri, zimbudzi ziri zocepa ndipo mvula iri kugwa, matendawa afalikira msanga. Munkoyo, thobwa ndi maheu ogulitsidwa m'mbali mwa mseu ndi abwino pokhapo ngati madzi ake anali abwino, ndipo wogula sangathe kuzindikira zimenezo ndi maso.

Kuphika pamsasa

Nchito yoyamba pofika pamsasa ndiyo kupacika cigubu ca madzi osamba m'manja pamtengo, sopo ali pambali pake. Aliyense asambe atacoka kucimbudzi, atasintha mwana thewera, asanayambe kuphika ndiponso asanadye. Madzi azicita kuthirirana, osati kusamba onse m'beseni imodzi, cifukwa wotsiriza, amene nthawi zambiri ndi mwana, asamba m'litsiro la onse. Sopo akasowa, phulusa lithandiza. Munthu amene ali ndi cironda ca mafinya pa cala kapena amene atsegula m'mimba asaphikire anzake.

Dzenje la cimbudzi likumbidwe mamita osacepera 30 kucokera pamadzi ndi pophikira, ndipo aliyense afotsere dothi akatha.

Mpeni ndi thabwa zimene zadulira nkhuku yaiwisi zitsukidwe ndi sopo zisanakhudze matimati kapena buledi. Nyama ipse mpaka mkati, msuzi wake ukhale wosafiira. Yooca pamakala kawirikawiri ipserera kunja ikali yaiwisi pafupa, motero idulidwe tizidutswa tating'ono. Cakudya ciphikidwe cokwanira kutha nthawi yomweyo ndi kubvundikiridwa kuopa nchenche. Mkute, umene ena amati cimbala, suli wabwino kumalo otentha, makamaka kwa ana ndi okalamba.

Kwa khanda palibe kamba woposa bere la mai wake. Botolo la mkaka ndi lobvuta kutsuka m'thengo, kotero kapu ndi supuni ziposa. Phala la mwana liphikidwe latsopano nthawi iliyonse.

Nkhuni za tsanya, mtengo umene a kucigwa amati mupani, ziyaka bwino ndi kusiya makala okhalitsa. Koma nkhadze ndi mitengo ina yotulutsa utomoni woyera ngati mkaka isagwiritsidwe nchito kuphikira kapena kutungira nyama, cifukwa utomoniwo ndi wa poizoni ndipo uononga maso. Mbaula isalowetsedwe mutenti kapena m'galimoto ngakhale kuzizire motani. Makala atulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha umene upha anthu ali m'tulo.

Alendo osaitanidwa

Kucigwa cakudya ciri ndi ocifuna ambiri. Masana anyani ndi apusi atsegula mabokosi ndi kuthawa ndi buledi. Usiku fisi akoka miphika ndi mabokosi a aisi kupita nazo kuchire. Njobvu zimva fungo la zipatso monga malalanje ndi mango kucokera patali. Cifukwa ca ici cakudya cisagone mutenti ndi anthu. Citsekeredwe m'galimoto kapena m'bokosi la citsulo. Mbale zitsukidwe usiku womwewo, mafupa ndi makoko zisatayidwe pafupi ndi pogona, ndipo zitini ndi mapepala a pulasitiki zibwerere nao kutauni. M'mapaki a nyama anthu agone pamalo okhawo amene a dipatimenti ya National Parks and Wildlife alola.

Nyama ya m'njira

Paulendo wotere sipalephera kupezeka munthu wogulitsa nyama yochipa. Apa mpamene pali ngozi yaikulu. M'caka ca 2011 anthu oposa 500 m'boma la Chama anadwala matenda a anthrax atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zimene zinafa zokha mumtsinje wa Luangwa, ndipo ena anamwalira. Matendawa anabukanso m'zigawo zingapo za dziko lino m'caka ca 2023. Mbeu za kacirombo kake ndi zolimba kotero kuti kufutsa kapena kuthira mcere sikuzipha. Cizindikiro cake codziwika ndi cironda cosapweteka ca pakhungu cokhala ndi nkhanambo yakuda pakati, koma wodya nyamayo angadwalenso koopsya m'mimba. Nyama ya ciweto kapena ya m'thengo imene inafa yokha isagulidwe, isasendedwe ndiponso isadyedwe. Kuonjezera apo, kupezeka ndi nyama ya m'thengo popanda cilolezo ndi mlandu.

Nsomba yaiwisi ikhale ya maso oyera ndi makha ofiira, ndipo iphikidwe nthawi yomweyo. M'nyengo ya mvula bowa wa kumalo acilendo asazulidwe ndi munthu wosaudziwa. Paja safunsa anadya phula, ndipo bowa wina uononga ciwindi patapita masiku, pamene wodyayo aganiza kuti wacira.

Wina akadwala

Cimene cipha munthu wotsegula m'mimba ndi kusanza ndico kutha kwa madzi m'thupi, ndipo mwana wamng'ono angathe kufooka pa maola ocepa cabe. Banja lililonse linyamule timapaketi ta ORS, amene ambiri amati madzi a moyo, pamodzi ndi mapiritsi a zinc. Kapaketi kamodzi kasungunulidwe mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo otsala atayidwe pakapita maola 24. Timapaketi tikasowa, mu lita imodzi muthiridwe masupuni a tiyi 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni ya tiyi la mcere. Wodwala amwe pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Akasanza, adikire mphindi 10 ndi kuyambanso.

Mwana apitirize kuyamwa ndi kudya. Zinc aperekedwa kamodzi pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14: mamiligalamu 20 kwa mwana wa miyezi 6 kupita mtsogolo, ndi mamiligalamu 10 kwa wocepera pamenepo. Mankhwala oimitsa m'mimba asapatsidwe kwa ana, ndipo makapisozi otsala pa matenda ena asamwedwe mwacisawawa.

Wodwala atengeredwe kucipatala mosazengereza ngati aonetsa cimodzi mwa izi:

1. Maso alowa mkati, liwombo la khanda labwira, kapena khungu licedwa kubwerera likatsinidwa.
2. Alephera kumwa kapena kuyamwa, kapena asanza ciliconse.
3. Cimbudzi ciri ndi magazi, kapena ndi ca madzi oyera ngati otsukira mpunga.
4. Wafooka kwambiri, angogona, wakomoka, kapena sanakodze kwa nthawi yaitali.
5. Thupi latentha kwambiri.

M'njira yonse yopita kucipatala apitirize kumwa ORS. Wotsogolera ulendo adziwiretu kumene kuli thandizo asananyamuke. Ku Mfuwe kuli kiliniki ya Kakumbi, m'boma la Mambwe muli cipatala ca mishoni ca Kamoto, ndipo opita ku Mkaika ali pafupi ndi cipatala ca St Francis ku Katete. Makolo akumbukirenso kuti malungo nao ayambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba, makamaka mwa ana. Aliyense amene watentha thupi paulendo kapena m'masabata otsatira atabwerera kunyumba akapimidwe magazi, ndipo auze a kucipatala kumene anapita.

Cobvuta koposa pa zonsezi ndico kutaya cakudya. Mai amene anagula nkhuku ndi ndalama zobvuta kupeza, naikazinga ndi manja ake, safuna kuiona ikwiriridwa m'dzenje, ndipo alipo nthawi zonse wina pagulu amene anena kuti ingofunika kufunditsa. Koma mtengo wa nkhuku imodzi ndi wocepa pouyerekeza ndi ulendo wa usiku wofunafuna cipatala, mwana ali lefu pamiyendo. Cakudya cikakaikitsa, citayidwe. Kapenta ndi nsima yotentha, yophikidwa pomwepo ndi manja osamba, zidzafikitsa banja lonse kunyumba liri bwino.